Mpando wa Kutsogolo m'Motoka ya Apongozi

Za ubwana wanga ku Chadiza sindilemba. Munazimva kale kwa amalume anu, ndipo theka la zimene anakuuzani anawonjezera okha. Ndiyambira pamene ndinayamba kuvala ovolosi, chifukwa za ntchito yanga palibe wina angakuuzeni molondola, ndipo sindifuna kuti ndikadzapita muzidzafunsa anthu amene sanagwirepo waya.

1979

Ntchito yanga yoyamba inali pa galaji ya boma mu Lusaka, kumene ankakonza malole ndi motoka za maofesi. Ndinafika ndi pepala la ku sukulu ya zaumisiri losonyeza kuti ndinaphunzira magetsi a motoka, koma kapitawo wathu, a Mudenda, analiyang'ana kamodzi n'kunditumiza ku sitolo ya zipangizo. "Kuja kuli mpando," anatero, "mkazi afunika mpando." Sindinakangane nawo, ndipo ku sitoloko ndi kumene ndinaphunzira anthu. Makanika ankabwera ndi sitata yakufa, ine n'kumupatsa yatsopano. Posakhalitsa sitata yakufa yomwe ija inkabweranso m'manja mwa makanika wina, atangoipukuta ndi palafini, kudzatengera ina yatsopano. Onsewo ankandipatsa moni waulemu, ena tinkapemphera mpingo umodzi. Ndinagula kabotolo ka utoto wofiira wa m'zikhadabo, ndipo chilichonse chodutsa pa zenera langa ndinkachidontheza pamalo obisika. Wina akabwera ndi chinthu cha kadontho, ndinkangochitembenuza n'kumuonetsa, osanena kanthu. Anandipatsa dzina loti Kadzidzi, ati maso anga sagona. Ankafuna lindipweteke, koma ine ndinkaliyankha. Pa benchi ya zamagetsi ndinadzakhalapo pambuyo pake, osati chifukwa a Mudenda anasintha maganizo, koma chifukwa mwini benchiyo anapita ku migodi ndipo panalibe wina. Pa galaji yomweyo ndinapezana ndi agogo anu aamuna, a Zulu, amene anali dalaivala. Ndinawayang'ana nthawi yaitali ndisanawavomere. Anali okhawo amene ankabweza sipanala osakumbutsidwa.

1983 mpaka 1991

Zaka zimenezi munthu unkaima pa mzere kugula sopo ndi mafuta ophikira, ndiye za zipangizo za motoka musafunse. Lole imodzi inkafa kuti zina ziyende: lero yachotsedwa otaneta, mawa nyali, mpaka yatsala pa miyala ngati mafupa a ng'ombe. Mabulashi a sitata tinkasema kuchokera ku kamtengo kakuda ka m'kati mwa mabatire a tochi. Mawaya opsa tinkakulunga tokha ndi manja, zala n'kuchita matuza. Chimene ndinkakana ndi chimodzi, kumanga waya pamalo a fyuzi. Tsiku lina a Mudenda anandipeza nditaimika lole chifukwa fyuzi yake inalibe.

"Mangani chabe waya, Mai Zulu. Iyi lole ifunika kufika ku Petauke lelo."

"Fyuzi ni mlonda, a Mudenda. Mukamuchosa, moto uzasankha weka popsa."

"Imwe na mantha yanu. Kunyumba mumagona na maso yotsegula?"

"Limodzi," ndinayankha.

Anatuma wina kukamanga wayawo. Lole inapita ku Petauke n'kubwerera bwinobwino, ndipo anandiseka mpaka kumapeto kwa mwezi. Sindinasinthe maganizo. Chinthu kusapsa lero si umboni wa kanthu.

1995

Ntchito za boma zitayamba kuchepetsedwa, dzina langa linali m'gulu loyamba la ochotsedwa. A Zulu anali atamwalira kale, ndipo ndinatsala ndi ana atatu, wamng'ono ndi Tisa, mayi wanu inu Taonga ndi Mapalo. Ndinapeza malo pa famu ina ya cha ku Kasisi, kukonza mathirakitala, mapampu a madzi ndi chilichonse chokhala ndi batire. Mkulu wa pafamupo anali munthu wosalankhula, ndipo tinagwirizana chifukwa cha chomwecho. Kumeneko ndi kumene ndinaona koyamba motoka zakale za ku Japan zitayamba kuchuluka, zokhala ndi kabokosi pansi pa dashibodi kamene amati kompyuta. Amakanika anzanga ankakaopa, ena ankati motoka zotere sizikonzeka. Ine ndinagula kakufa kwa ophwasula motoka, ndinakatsegula pa thebulo la kunyumba, n'kupeza kuti mulibe mzimu. Kamamva zimene masensa, tizipangizo tomvera za mu injini, akukauza, kenaka kamalamula mafuta ndi moto. Ukakanamiza, nakonso kamanamiza injini. Ndinaona kuti sikasiyana ndi sitolo ija ndinayambira.

2012

Famu itagulitsidwa n'kudulidwa mapuloti, ndinali nditapitirira zaka makumi asanu, ndipo ndinkaganiza kuti basi ndatha. Koma ku Silverest, kumene nyumba zinali kumera ngati bowa, mnyamata wina wa ku Kitwe dzina lake Ba Chileshe anatsegula galaji ya motoka zothamanga, ndipo ankafuna munthu wa mawaya. Makasitomala ake anali anyamata a m'maofesi a m'tauni, okonda kuika tabo yaikulu pa injini zawo. Tabo ndi chipangizo chokankhira mphepo yambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu, ndipo mphepo yokankhidwayo amati busiti. Ukawonjezera mphepo uyenera kuwonjezera mafuta ndi kusintha nthawi imene moto uyaka, apo ayi injini imadzidya yokha. Kompyuta ya ku fakitale sidziwa zimenezo, ndiye amaichotsa n'kuika ina yogula padera, imene munthu umailembera wekha manambala ake pa laputopu. Manambalawo amati mapu. Ba Chileshe anandiphunzitsa laputopu, ine ndinawaphunzitsa kuwotcherera waya m'malo mongopota. Ankandiitana kuti Ambuya, ndipo anyamata ankabwera kudzandijambula pa foni ngati chinthu chodabwitsa. Sindinkamwetulira.

Pa ntchito imeneyi mdani wamkulu ndi kugogoda, pamene mafuta aphulika okha m'kati nthawi yake isanakwane. Kumamveka ngati mchenga wothiridwa pa lata, ndipo kukapitirira pang'ono chabe pisitoni imabowoka. Kompyuta ili ndi sensa yake yomvera zimenezo, koma ine sindinaikhulupirire. Ndinaphwanya nsonga ya kapaipi ka kopa, ndinkakamangirira pa injini ndi bawuti, kuchokera pamenepo paipi ya pulasitiki mpaka pa zotseka m'makutu za anthu a ku chigayo. Ndikavala zimenezo ndinkamva m'kati mwa injini ngati ndagona pa chifuwa chake. Makina oyesera motoka itaima analiko m'tauni, koma eni ake sankalola mlendo kugwira laputopu pa makina awo. Choncho ife tinkakonzera mapu pa msewu: wina ayendetsa, wa laputopu akhala pambali pake n'kumamuuza poponda ndi poleka.

2019

Apa ndi pamene pali nkhani imene inu adzukulu mwaimva zidutswazidutswa. Atate anu, a Mwanza, mwamuna wa Tisa, anali ndi motoka ya ku Japan ya magiya a pamanja. Munthu wina wa m'tauni anali atawaikira tabo yaikulu ndi mainjekita aakulu opopera mafuta mu injini, n'kupachika kabokosi kotchipa pa kompyuta ya ku fakitale, kamene ntchito yake inali kuinamiza. Motokayo ikaima inkafuka utsi wakuda, ikathamanga inkasowa mafuta. Ndi motoka yomweyo inkakutengani inu kupita ku sukulu m'mawa uliwonse. Ndinkaimva ikamadutsa ndipo mtima sunkakhala pansi, koma sindikanatha kuwauza.

Inu obadwira ku mapuloti mwina simumvetsa chifukwa chake. Kwathu mkazi ndi mwamuna wa mwana wake ndi apongozi, amaopana. Sakhala pa mphasa imodzi, sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, akakumana pa njira wina amapatuka. Mawu amadzera mwa munthu wina. A Mwanza ndi a ku Petauke, ndipo amayi awo, asewere anga, anawalera mwamphamvu pa zimenezi. Kuyambira tsiku la ukwati, ine ndi iwo tinkangopatsana moni wa patali, iwo atanyonyomala, nkhope atayang'ana kumbali. Ndinene zoona, mwambowu ine ndinkaukonda. Munthu amene sulankhula naye sangakunamize pamaso, umangomuyang'ana zochita zake. Ndipo ndinawayang'ana zaka zonsezo. Sindinawapeze ndi mlandu waukulu, kupatula wokonda liwiro.

Tsiku lina Tisa anabwera ku galaji n'kundiuza kuti a Mwanza aitanitsa kompyuta yatsopano kudzera mwa mnzawo wopita ku Joni, ndipo akufuna kuipereka kwa mnyamata wina wa m'tauni amene amatenga mapu pa intaneti n'kungothira. Mnyamatayo ndinkamudziwa. Injini ziwiri zimene anazigwira zinathera pa benchi yathu. Mapu a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a mayiko ena, a petulo wina ndi nyengo ina, ndipo sadziwa kuti kuno dalaivala akathedwa pa njira amagula petulo wa m'zigubu. Ndinauza Tisa kuti akauze amuna ake kuti motokayo ibwere kwa ine. Yankho linabwera mawa lake, kudzera mwa Tisa yemweyo: avomera, koma motoka yawo sayendetsa munthu wina.

Ntchito ya pa galaji sinavute, popeza motoka anangoisiya pa geti n'kuchoka. Ndinachotsa kompyuta ya ku fakitale ndi kabokosi konamiza kaja, kuti pakhale yatsopano ija. Pansi pa dashibodi ndinapeza mawaya opotedwa ndi manja n'kukulungidwa tepi, ena atayamba kale kubiriwira. Ndinadula zonse n'kuluka mtolo watsopano, waya uliwonse wowotcherera ndi kuuyesa kawiri. Ndinaboola ekizozi n'kuikamo sensa yoyeza ngati mafuta akukwana. Petulo amene anali mu thanki ndinamukhetsa yense, chifukwa sindinkadziwa kumene anagulidwa, ndipo watsopano ndinakagula ndekha nditaimirira pa pampu. Nditayatsa nyali yoyezera taimingi, nthawi ija imene moto uyaka, ndinapeza kuti chimene laputopu inkanena ndi chimene injini inkachita zinasiyana pang'ono, ndinazigwirizanitsa. Injini inalira bwino, utsi unatha. Koma injini yolira itaima ili ngati mkamwini pa tsiku la ukwati: khalidwe lake lenileni limaoneka ikasenza katundu. Inafunika msewu.

Masiku onse wondiyendetsera anali Ba Chileshe, koma a Mwanza anali atakana kale, ndipo pa chimenechi ndinagwirizana nawo mumtima. Phazi la Ba Chileshe ndi logontha. Ukati leka, amayamba afunsa chifukwa. Tisa amayendetsa motoka zosintha zokha magiya. Ine sindikanatha kuyendetsa, kumvetsera ndi kulemba nthawi imodzi. Tinapangana chonchi: a Mwanza ayendetsa, Tisa akhala kutsogolo, ine kumbuyo kwa Tisa, kutali ndi apongozi monga kuyenera, ndipo mawu anga adzera mwa Tisa monga mwa masiku onse. Aliyense anaona kuti ndi nzeru. Ngakhale ine.

Linali Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, pa msewu wopita ku Palabana, pamene pali powongoka ndipo njinga zimaonekera patali. Maulendo oyamba, a busiti yochepa, anayenda bwino, chifukwa panalibe chofulumira. Ndinkati, "Tisa, auze aike giya yachitatu aponde pang'onopang'ono," Tisa n'kunena, a Mwanza n'kuchita. Kenaka tinafika poti aponderetu. Tabo inayamba kuimba mluzu, motoka inatikankhira m'mipando, ndipo chapakati ndinamva mchenga uja pa lata.

"Tisa, aleke."

Ekizozi inali kubangula. Tisa anatembenuka. "Mwati bwanji, amai?"

"Aleke manje."

Mwana wanga ndinamulera bwino, ndipo tsiku limenelo ndinanong'oneza bondo. Sakanatha kutenga mawu a amake ouma choncho n'kuwaponyera mwamuna wake. Anawaveka kaye zovala. "Batate ba Taonga, amai bakamba ati kapena mungachepeseko pang'ono."

"Nichepese sipidi, olo nichinje giya?" anafunsa a Mwanza, mwaulemu, phazi lili pansi.

Injini inayankha yokha. Inatsokomola, motoka inagwedezeka, kumbuyo kunatuluka kautsi. Tinaima pambali pa munda wa chimanga. Ndinamasula mapulagi pomwepo ndi manja opsa, ndipo pa imodzi panali timadontho tonyezimira ngati mchere. Timeneto tinali tizidutswa ta pisitoni. A Mwanza anaima patali, kuseri kwa motoka, manja kumbuyo. Mawa lake ku galaji ndinayeza mphamvu ya silinda iliyonse. Pisitoni inali itanyambitidwa koma sinabowoke. Kachiwiri sikanapirira.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Ndinaganiza zoika babu pa dashibodi, ine n'kumaliyatsa ndili kumbuyo, koma babu limadziwa mawu amodzi okha, pamene ine ndinkafunika kunena gwirani pomwepo, onjezani pang'ono, bwererani, komanso kuona phazi ndi maso anga. Kuwagwira a Mwanza pa phewa kukanakhala koipa kuposa kulankhula. Ba Chileshe ankangoseka.

"Ambuya, bwanji, mwaluka mawaya yonse ya mu Lusaka, manje mwakangiwa waya umozi wochoka pakamwa panu kufika ku khutu kwa apongozi?"

"Uyo waya sindine n'naudula," ndinatero.

"Nipaseni makiyi, nizayendesa mushe."

"Imwe muyambe mwaphunzila kuleka."

Njira yomasula apongozi kuti azilankhulana ilipo. Akuluakulu a mbali zonse amakhala pansi, pamaperekedwa kanthu, ndipo kuyambira pamenepo mantha amachepa. Ndinatuma Tisa kuti aimbire apongozi ake ku Petauke. Asewere anga anayankha kuti iwo akali moyo mwana wawo sadzakhala mpando umodzi ndi mayi wobala mkazi wake, ndipo ngati motoka yavuta aigulitse. Sindinawaone olakwa. Ndikanakhala ine ndikanayankha chimodzimodzi. Koma Lachinayi Tisa anabwera ndi nkhani ina: a Mwanza achita manyazi ndi zimene zinachitika, sakufuna kundivutitsanso, ndipo apangana ndi mnyamata wa m'tauni uja kuti Loweruka masana akamalize ntchitoyo.

"Uwauze asayese," ndinatero.

"Nabauza, amai."

"Unabauza bwanji?"

Tisa anayang'ana pansi. "N'nati amai baona monga mungalindileko."

Ndinamuyang'ana mwana wanga, ndipo ndinaona kuti chilichonse chimene ndinatumizapo kwa mwamuna wake zaka zonsezi chinkafika chitasungunuka chotere. Ndinali ndi zinthu ziwiri m'manja. Kusunga ulemu, motoka n'kupita kwa munthu amene sadzakwezamo mwana wake, kapena kuuphwanya pamaso pa anthu, ine nkhalamba ya mpingo, n'kusenza dzina la mkazi wopanda mwambo. Ndinadziwanso kuti zikaphwanyika sizibwerera. Simungaopanenso ndi munthu amene mwakalipirana. A Mwanza sindinkawakhulupirira, monga sindikhulupirira aliyense, koma ndinkadziwa kuti amandiopa, ndipo pa ntchito iyi dalaivala wamantha ndiye wabwino.

Loweruka m'mawa ndinauza Ba Chileshe kuti akasiye motoka ndi makiyi kwa a Mwanza mosathamanga, ngakhale eni ake sankalola wina kuiyendetsa, ine ndinatsatira pa minibasi. Ndinamanga chitenje pamwamba pa ovolosi. Pabwalo panali msuweni wa a Mwanza, mayi wina amene ankakhala nawo masiku amenewo, akusesa. Ndinamupatsa moni, ndinatsegula chitseko cha kutsogolo, ndinakhala pansi n'kuika laputopu pa miyendo. Tsache linaima. A Mwanza anatuluka m'nyumba, ataona pamene ndakhala anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuitana Tisa. Ndinatsitsa galasi.

"A Mwanza, Tisa asale. Lowani."

Kupatula moni, anali mawu anga oyamba kwa iwo opanda wapakati. Anaima nthawi yaitali ndithu, akuyang'ana makiyi m'manja mwawo. Kenaka analowa, anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, thupi atalikanikiza ku chitseko, nkhope ku zenera.

"Muziyang'ana kusogolo, muzatigwesa," ndinatero. "Mvelani. Nikati ponda, mupondeletu. Nikati leka, phazi ichoke mukalibe kuganiza. Osaniyankha ati inde amai. Nthawi ya inde amai ndiye imapaya injini."

Anavomera ndi mutu. Tinalowera ku msewu wa Palabana. Ndinkamva kupuma kwawo, ndipo thukuta linkatsika m'khosi mwawo ngakhale kunali kozizira. Ndinali nditabweza kale moto m'mbuyo ndi kuwonjezera mafuta pamalo paja panagogoda, ndiye tinayamba pansi, kukwera pang'onopang'ono. Ponda. Gwirani pomwepo. Leka. Tibwerere. Phazi lawo linkachoka ndisanatseke pakamwa. Pa zaka zanga zonse za ntchito imeneyi sindinakhalepo ndi dalaivala womvera chotero. Tinapita n'kubwerera kambirimbiri, mpaka amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anasiya kutiyang'ana. Dzuwa litakwera ndipo injini itatentha, mu giya yachinayi, mchenga uja unabweranso, pang'ono, kumapeto kwenikweni.

"Leka iwe!"

Phazi linachoka. Motoka inatsika liwiro yokha, ndipo mawu aja anatsala m'kati mwa motoka ngati fungo. Ndinali nditanena iwe kwa apongozi anga, bambo wa ana, mkulu wa mu ofesi. Ndinayang'ana pa laputopu, n'kukonza manambala a pamalopo, osadzutsa mutu. Ndinamva mpando ukugwedezeka. Nditaponya diso ndinaona kuti munthuyo akuseka, mopanda mawu, misozi ili m'maso, akuyang'anabe kutsogolo.

"Mwaseka chani?"

"Palibe, amai. Ni chabe kuti Tisa amakamba ati ndimwe ofasa maningi."

"Tisa ni wabodza. Tembenuzani motoka."

Tinamaliza dzuwa lili pamutu. Busiti ndinaiika pansi pa pamene tabo ija ikanatha kufika. Ndinalamula kompyuta kuti mafuta akachepa idule mphamvu yokha, injini ikatentha ichepetse busiti, ndipo moto ndinausiyira malo okwanira kuti ngakhale atathira petulo woipa isagogode. Ndinawauza zonsezi pamaso, ndi chifukwa chake, ndipo anamva. Pomaliza ndinatseka mapu ndi nambala yachinsinsi, kuti wina aliyense akalumikiza laputopu yake asathe kusintha kanthu. Mapulagi nditawamasulanso anali oyera bwino, amtundu wa khofi wamkaka.

Nkhani inafika ku Petauke ife tisanabwerere ku Silverest, msuweni uja anali ndi foni. Asewere anga sanabwere pa Khirisimasi chaka chimenecho. Pa ubatizo wa Mapalo anabwera, koma anakhala mbali ina ya tchalitchi, ndipo moni wawo unandipeza kudzera mwa Tisa. Mpaka lero ndi choncho. Amayi ena a mu mpingo anandichotsa pa gulu la alangizi a atsikana, mosanena, anangosiya kundiitana. Zimenezi zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa ntchito ija ndinkaikonda. Sindinapite kukadandaula kwa aliyense. Anali ndi mfundo yawo, ndipo ndinaidziwa ndisanatsegule chitseko chija.

2021

Ndinapuma ntchito chifukwa cha makutu. Khutu la kumanzere linayamba kulira lokha, ndipo munthu amene sangasiyanitse kugogoda kwa injini ndi kulira kwa mutu wake ayenera kuchoka asanaphe injini ya mwini. Ba Chileshe anagula nkhuku ndi zakumwa, ananena mawu ambiri, ena oona. Paipi yanga yomvera ndinawasiyira, ngakhale ndikudziwa kuti ili pa msomali. Amene anabwera kudzanyamula bokosi langa la zipangizo ndi a Mwanza, pa motoka yomwe ija, injini yomwe ija. Ndinakhala kutsogolo. Tinali titazolowera kulankhulana, ngakhale kudya pamodzi sitinayambe ndipo sitidzayamba. Titapitirira pa malo okwerera minibasi anakonza kukhosi.

"Amai, manje pakuti mwaleka nchito, ija nambala ya kompyuta mungaisiye kuli ine. Mwina tsiku lina ingafunike."

"Ifunike pa chani?"

"Banzanga bakamba ati iyi tabo ikali na mphamvu yambili yamene siisebenza."

"Bakamba zoona. Taonga na Mapalo bakali kukwela muno?"

"Bakali, amai."

"Ndiye yendesani, muyang'ane kusogolo."

Sanafunsenso. Tisa anayesapo kamodzi, Ba Chileshe kawiri. Nambalayo ili m'mutu mwanga mokha, ndipo inu amene mwawerenga mpaka pano mukuyembekeza kuti ndailemba penapake m'mapepala ano, musavutike kufunafuna.